Manda a pa Kamwala

Karima anamusankha kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko ya pa Kamwala chifukwa mwa amayi onse a kumeneko ndi iye yekha amene anafika Fomu 2. Kamwala ndi kadera ka asodzi kumwera kwa Chipoka, nyumba zothithikana pamchenga, zimbudzi zowerengeka. Madzi akumwa, ochapira ndi otsukira usipa onse ankatunga m'nyanja.

Mu Januwale 2023 kolera inapha anthu khumi ndi anayi pamenepo. Mmodzi mwa iwo anali Asiyatu, mwana yekhayo wa Karima ndi mwamuna wake Binali. Anali ndi zaka zinayi. Anayamba kutsegula m'mimba Lolemba, Lachiwiri masana anamuika. Azaumoyo sanalole n'komwe kuti amayi amusambitse. Manda ake Karima sanawaone, poti amayi achisilamu salowa kumanda. Ankangodziwa zimene Binali anamuuza, kuti mwana wagona mzere wa cha kunyanja, pafupi ndi mgwalangwa wopindika.

Patatha chaka kunabwera bungwe lina la ku Lilongwe. Mlangizi wake anali mtsikana dzina lake Triza, woyenda pa njinga yamoto, mapepala akuluakulu atawakulunga kumsana.

"Ife sitisankhira anthu chitukuko," anatero Triza pamsonkhano woyamba. "Musankha nokha, mugwiranso nokha ntchito. Ife tibweretsa zipangizo ndi amisiri. Koma ntchito yake ikhale imodzi."

Anthu anakambirana masabata atatu mpaka nkhani zinatsala ziwiri. Ena ankafuna mjigo wa sola, thanki ndi mipopi. Ena ankafuna khoma la miyala yomangidwa m'mawaya lotchinga manda, chifukwa nyanja inali ikukwera monga sinakwerepo. Inali itadya kale bwalo la mpira ndi malo oyanikira usipa, ndipo pakati pa madzi ndi manda oyamba panatsala mapazi makumi awiri okha. Mandawo anali a onse: Asilamu chakumpoto, Akhristu chakumwera, kanjira kodutsa pakati.

Binali sanali munthu wa mikangano. Anadikira mpaka tsiku lina akusoka ukonde pakhonde, Karima akupeta mpunga.

"Amake Asiyatu," anatero osadzutsa mutu, "ndamva kuti mukuyenda m'makomo kuuza amayi za mipopi."

"Ndikuyendadi."

"Mwana wanu ali mzere woyamba. Nyanja ikafika iyambira iyeyo."

"Chimene chinamugoneka pamenepo ndi madzi omwewo, bambo. Pa Kamwala pano ana alipobe."

"Athu palibe."

Karima anapitiriza kupeta mpunga umene unali utayera kale.

Triza atafunsa akomiti tsiku ndi nthawi yabwino yosankhira, ena onse anangoyang'anana. Karima ndiye anayankha: Lachinayi, seveni koloko m'mawa. Sanalankhule mwangozi. Ankadziwa kuti sabata imeneyo mwezi ukhala uli kumdima, amuna onse akhala akuchezera panyanja kupha usipa, ndipo akagulitsa m'bandakucha amakagona mpaka dzuwa lifike paliwombo. Ankadziwanso kuti ambiri ofuna khoma anali amunawo, amene anakumba mandawo ndi manja awo. Triza analemba nthawiyo m'kope, n'kumuthokoza.

Lachinayi lija, pabwalo la sukulu, Triza anakhoma mapepala awiri pamitengo iwiri ya mango. Pa lina anajambulapo mpopi, pa linalo khoma. Aliyense ankayenera kuima pamzere kutsogolo kwa chimene akufuna. Amayi anabwera ambiri, ana kumsana. Amuna analipo okalamba ndi ena ochepa amene sanapite panyanja.

Bambo Yesaya, mkulu wa mpingo amene anasiya usodzi chifukwa cha msana, anaimika dzanja. Akazi awo anali ataikidwa kumanda komweko zaka zisanu zapitazo.

"Mayi mlangizi, amuna a mudzi uno ali m'tulo. Bwanji tidikire masana?"

"Nthawiyi sindinaike ndine, bambo," anayankha Triza mwaulemu. "Inachokera ku komiti yanu yomwe. Masana ndikhala ndili kwa Maganga."

Ndi pamene Karima anaona Binali. Sanapite kukagona. Anabwera ndi zovala zonyowa, mamba a usipa ali mbuu m'manja, maso ali psu. Anamva yankho la Triza, ndipo anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wake kamodzi kokha. Kenako anakaima kumzere wa khoma, kumbuyo kwa bambo Yesaya.

Karima anaima kumzere wa mpopi. Triza anayenda akugwira aliyense paphewa powerenga. Mpopi unapeza anthu 91, khoma 58. Amayi ena anayamba nthungululu, koma inazima yokha.

Ntchito inayamba mu Malichi. Pankafunika ngalande yoikamo mapaipi kuchokera kumtunda kumene anakumba mjigo kukafika pakati pa nyumba. Amuna anakana kugwira khasu. Ankati amene anasankha akumbe okha. Choncho amayi anakumba, mchenga ukugumukira m'ngalandemo akangotembenuka, kumtunda dothi lake louma ngati njerwa. Zikhatho za Karima zinatuluka matuza, matuzawo anaphulika, iye n'kumangapo kansanza. Mwamuna yekha amene ankabwera anali bambo Yesaya, ndi fosholo yawo ndi msana wawo wopindika.

"Bambo, inu munali mzere winawu," Karima anawauza tsiku lina akupuma.

"Ndinali komweko, mwana wanga, ndipo lero ndingakaimenso komweko. Koma zidzukulu zanga zimamwa madzi." Anapukuta thukuta. "Za seveni koloko zija ndikuzidziwa. Sindinena kwa munthu. Ngakhale ndisanene, onse akudziwa."

Kunyumba Binali sanamukalipire, sanamumenye, sanasiye kubweretsa ndiwo. Anangosiya kumuitana kuti amake Asiyatu. Akafuna kanthu ankangolankhula m'malere, ngati akuuza khoma. Masana ena ankanyamula matumba a simenti akale, kuwadzaza mchenga, n'kukawasanja kumanda pamodzi ndi anzake anayi. Mafunde ankawabalalitsa pasanathe sabata, iwo n'kusanjanso.

Madzi anatuluka pampopi kumapeto kwa Meyi. Kunabwera galimoto ziwiri za alendo, ana asukulu anaimba, ndipo alendowo anamujambula Karima atagwira ndowa. Binali madzi a pampopi sanawalawe. Ankatunga ake m'nyanja m'kachigubu ka mafuta ophikira, n'kumabisa kuseri kwa chitseko. Karima ankadikira kuti achoke, n'kuthiramo mankhwala ophera tizilombo.

Mwera unayamba sabata yachiwiri ya Juni. Unawomba masiku anayi osapuma, maboti onse ali pamtunda. M'mawa wa tsiku lachisanu Karima ali pampopi, anaona amuna akuthamangira kumanda ndi makasu, ena ndi mikeka. Palibe amene anamuuza kanthu. Amayi amene anali naye pamzere anayang'ana pansi.

Anasiya ndowa ikusefukira n'kuwatsatira. Pa kanjira kolowera kumanda mnyamata wina wa kumzikiti anatambasula dzanja kuti amuletse, koma atamuona nkhope analibweza. Karima analowa kumanda koyamba m'moyo wake.

Gombe linali litagumuka ngati munthu walidula ndi mpeni. Mizere iwiri inali itapita, mbali ya Asilamu ndi ya Akhristu yomwe. Mgwalangwa wopindika uja unali utagwera m'madzi, mizu ili m'mwamba. Paphompho pankaoneka nsonga za matabwa a mabokosi ndi nsanza za sanda, nsalu zokulungira maliro, zitada ndi dothi. Amuna ankafukula mzere wachitatu mwachangu, shehe akuwerenga dua uku, bambo Yesaya akupemphera uko, mphepo ikuwalanda mawu onse awiri.

Binali anali m'madzi ofika m'chiuno. Ankamira, n'kufufuza pansi ndi manja, n'kuvuuka, funde n'kumugwetsa, iye n'kumiranso. Anzake anamuitana mpaka anatopa. Karima anaima pamphepete mpaka dzuwa kufika pamutu. Sanalire. Ankangoyang'ana madzi ofiirawo, akuyesa kulingalira malo enieni pamene mwana anagona, koma panalibe chomuthandiza kudziwa.

Binali atatuluka, milomo ili yotuwa ndi kuzizira, anadutsa pafupi naye.

"Mwaona?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndaona."

"Chabwino."

Manda khumi ndi asanu ndi awiri anapita ndi madzi. Ena onse anawasamutsira kumtunda, kuseri kwa njanji, ntchito ya masiku asanu ndi limodzi. Triza anabwera Lolemba lotsatira. Anakhala ndi Karima pakhonde nthawi yaitali, kope lili lotseka pamiyendo.

"Ndalemba ku ofesi za khoma," anatero. "Akuti mwina chaka chamawa."

"Litchinge chiyani tsopano, achemwali?"

Triza anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Amisiri akuti ngakhale tikanamanga, sizikudziwika ngati likanapirira mwera umenewu."

"Musadzawauze zimenezo amuna anga. Kapena muwauze, kaya. Ine sindikudziwanso chimene chingawathandize."

Mu Julayi Binali anakwera boti la anzake opita kukapha nsomba ku Nkhotakota. Sanasudzule mkazi wake, sanatenge katundu yense. Anangonena kuti kumeneko usipa ukumveka, adzabwera mvula ikayandikira. Mvula inabwera, inagwa, inatha. Dzinja limenelo pa Kamwala sanaike munthu ndi mmodzi yemwe wa matenda otsegula m'mimba. Karima ankasunga kiyi wa pampopi, kutsegula m'mawa ndi kutseka madzulo. Amayi ankamupatsa moni bwinobwino. Amuna ambiri akakumana naye ankapatuka.

Nyanja itayamba kubwerera, mtsikana wina wotsuka mapoto pagombe anatola kafupa mumchenga, kakang'ono ngati chala, kosalala ndi madzi. Anachita mantha, ndipo posadziwa kopita nako anakapereka kwa mlembi wa komiti. Karima anakakulunga m'kansalu koyera n'kupita nako kwa bambo Yesaya. Anawapeza atagona pamkeka pansi pa mtengo, msana utawakaniratu.

Mkuluyo anakatembenuza kafupako m'manja, anakayandikitsa kumaso, n'kukabweza.

"Ndi ka mwana?" anafunsa Karima.

"Sindingakunamize, mwana wanga. Kangathe kukhala ka mwana, kangathe kukhala ka akazi anga. Kangathenso kukhala ka mbuzi."

"Ndiye titani nako?"

"Tikaike. Ukauze shehe, ine ndiuza abusa."

Anakaika Loweruka m'mawa kumanda atsopano, pa kanjira kolekanitsa mbali ziwirizo, poti palibe amene akanadziwa mbali yake. Panali amuna asanu ndi awiri. Bambo Yesaya anabwera atanyamulidwa pa njinga ya kabaza. Karima anaima kutsidya kwa njanji mpaka anamaliza kukwirira. Atabalalika onse, anaimba foni ku nambala ya Binali kuti amuuze. Inaitana mpaka kuduka. Anayesanso kachiwiri, ndipo anayankha munthu wina amene anati mwini foniyo ali panyanja, amuuza akabwera.