Chithunzi Chopita kwa Mzime

Mayi atayamba kuiwala, zoyamba kutayika zinali makiyi, kenako mayina a ziwiya za kukhitchini. Pamene Mzime, mwana wawo womaliza, ankafika kuchokera kutali komwe ankajambula zithunzi za nyuzipepala, anapeza nayenso atatayika kale.

"Apatseni mpando alendowa," mayiwo anauza mwana wawo wamkulu, amene ankawasamalira.

"Si alendo, amayi. Ndi Mzime wanu uyu."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu, maso n'kukaima pa kamera imene inali pachifuwa pake. "Inu ndinu ajambuli," anatero mwaulemu. "Mzime wanga ndi wochepa thupi."

Achemwali ake anaseka kuti nkhani ipepuke. "Wamva? Ndinkakuuza kuti uchepetse kudya." Mzime anaseka nawo, kenako analowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamveke.

Anapempha tchuthi kuntchito, n'kumagona pasofa. Anayesa kuwaonetsa zithunzi zakale, anayesa kuwakumbutsa za chipsera cha pabondo pake. Mayiwo ankangothokoza. Akawaitana kuti "amayi" ankachita mantha n'kuyamba kufunafuna achemwali, ndiye anasiya. Anavomera kukhala ajambuli.

Kamera yake inali yakale, ya filimu, yopanda fulashi, ndipo inkalira motsitsa ngati munthu akuwenga chikhadabo. Ukasuzumira pakawindo kake umaona nkhope ziwiri za munthu mmodzi, ndiye umapotoza kamphete ka pa lenzi mpaka ziwirizo zikumane. Mzime anazolowera kujambula anthu osawauza, m'misika ndi m'misewu, ndipo kuno anachitanso chimodzimodzi. Chipinda cha mayi chinali ndi windo limodzi. M'mawa kuwala kunkagwera pampando ndi theka la bedi, ndipo iye ankakhala pakona yamdima kudikira. Anawajambula akupinda mpango, kuutambasula, kuupindanso. Anawajambula akutsutsana ndi wailesi.

Tsiku lina anawapeza atavala diresi yawo ya buluu, tsitsi atapesa okha, mbali imodzi yokha.

"Lero mundijambule bwinobwino, osati mobera muja. Mumaganiza kuti sindikuonani?"

"Chithunzicho n'cha ndani?"

"Cha Mzime wanga. Ali kutali, ntchito imamuchulukira. Akandiona mwina akumbukira njira."

Anakhala tsonga, manja pamaondo, nkhope ili gwa ngati ya pachiphaso. Mzime anakweza kamera. Anapotoza kamphete uku ndi uku koma nkhope ziwirizo sizinkakumana, chifukwa diso lake linali litadzaza madzi. Anatsitsa kamera n'kuyamba kupukuta lenzi yomwe inalibe fumbi.

"Ndi mwana wotani, ameneyu?" anafunsa, kuti apeze mpata.

Mapewa a mayiwo anatsika. "Wamakani. Ali khanda sankagona ndisanamugwire khutu. Ndikangosiya, maso tong'o. Bambo ake ankati tsiku lina khutulo lidzatsalira m'manja mwanga." Anatembenukira kuwindo akuseka, zala zikusisita khutu lawo lomwe, kuwala kuli mbee patsaya. Mzime anapotoza kamphete kamodzi n'kudina.

"Bwanji simukunena kuti ndimwetulire?"

"Ndajambula kale."

"Ndinu akuba inu," anatero mayiwo, akusekabe.

Mzime atatsukitsa filimu, achemwali anachiyang'ana chithunzicho ataimirira pakhomo la khitchini, supuni ili m'manja. "Awa ndiye amayi," anatero. "Ine ndimangowasambitsa ndi kuwadyetsa, ndinaiwala kuti amaseka chonchi." Anabwerera kukhitchini osabweza chithunzicho, mpaka Mzime anachita kukachipempha.

Mayiwo anachigwira ndi manja awiri n'kuchiyang'anitsitsa.

"Ndakalamba chonchi?"

"Mwaoneka bwino kwambiri."

Anachitembenuza n'kuchiika chafufumimba pabedi. "Musamutumizire. Akaona khosi ili adandaula, asiya ntchito n'kuthamangira kuno. Anavutikira ntchito imeneyo. Mukakumana naye mungomuuza kuti ndili bwino."

"Ndikamuuza."

Tchuthi chitatha, Mzime analowa kukatsanzika, chikwama chili paphewa. Mayiwo anamupatsa dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono, monga ankachitira ndi alendo olemekezeka.

"Ndingakukumbatireni?" Mzime anafunsa.

Mayiwo anayang'ana achemwali, ndipo achemwali anagwedeza mutu kuvomereza. Analola. Thupi lawo linali louma, dzanja likumusisita pamsana monga umachitira ndi mwana wa eni ake amene walirira pakhomo pako.

"Muyende bwino, ajambuli. Mwatichezetsa."

Mayiwo anamwalira mvula isanayambe, Mzime ali kuntchito. Foni ya achemwali inamupeza pamsewu, akudikira kuti bambo wina wogulitsa maambulera atembenukire kudzuwa kuti amujambule. Anamvetsera mpaka kumapeto, anati akwera basi yoyamba, kenako anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Bambo wa maambulerayo anabwera kudzamufunsa ngati akudwala.