Thumba la Nsapato Zosasoka

Amalume Sikandar analowa osavula n'komwe nsapato, m'nyumba ya maliro! Thasleema, mwana wa malemuwo, anadziwiratu kuti ku fakitale sizinayende. Chikhalirecho ndalama za chipepeso n'zimene aliyense ankati zimusunga pa sukulu mpaka adzalembe mayeso.

"Achemwali, akuti alamu a Gafoor sakuwadziwa."

"Sakuwadziwa bwanji?" anafunsa Amayi. "Zaka makumi awiri akudula zikopa pamenepo?"

"Akuti anawafufuta m'kaundula zaka zitatu zapitazo, iwo ndi anzawo onse. M'mawa mwake anabwerera pa tebulo lomwelo, mpeni womwewo, koma ngati anthu a kontilakitala. Malipiro n'kuwerenga mapeyala. Za chipatala palibe, penshoni palibe, chipepeso palibe. Akuti azungu ogula nsapato safuna kumva zokweza mtengo."

Ndiye tamvani za bambo akewo. Zaka zitatu zonsezo, m'mawa uliwonse ankakoleka khadi la fakitale m'khosi, n'kulipukuta ndi malaya, kumatuluka ngati bwana. Eti khadi lopanda ntchito! Tauni yonse ya Ambur inkadziwa, ngakhale mayi wogulitsa tiyi pa geti, kupatula a m'nyumba mwawo. N'chifukwa chake chifuwa chija ankangochimwera madzi a tsabola, n'kumati madokotala a fakitale ndi amwano.

"Ndipita ndekha," anatero Amayi. "Akandiuze pamaso panga."

"Mupita kuti, mlamu?" Awa anali azakhali Mumtaz, mlongo wawo wa malemu, amene chibwerereni anali asanatsukeko ngakhale kapu. "Miyezi inayi ndi masiku khumi, wamasiye saponda panja. Mukufuna ku mzikiti atinene?"

"Nanga miyeziyo tiziphika n'kudya?"

Masana kunabwera a Velu, kontilakitala uja, nthochi m'manja, chithumba paphewa. Poti mwamuna yemwe si wachibale saona nkhope ya wamasiye, Amayi anakoka katani, a Velu n'kumalankhula ndi nsaluyo.

"Pepani mayi, Gafoor anali ngati m'bale wanga. Poti simukutuluka, ntchito ndakubweretserani konkuno. Zapamwamba za nsapato izi, zosoka pamanja, marupiya asanu ndi imodzi peyala. Mtsikanayu maso ake ndi akuthwa. Muli awiri, mapeyala makumi atatu patsiku mutha."

"Mwanayu ndi wa sukulu."

"Sukulu sithawa, mayi. Mtengo ndiye umathawa. Chaka chatha unali asanu ndi atatu."

Thasleema anayang'ana amalume, amalume anayang'ana foni. Azakhali anali atayamba kale kusenda nthochi. Palibe anati thumbalo libwerere, ndipo a Velu anati adzalitenga Loweruka.

Kenako Amayi, osamuyang'ana Thasleema, anati, "Katenge masingano m'kabokosi ka abambo ako."

Masingano analimo. Pansi pake, m'kapepala kopindidwa bwino, munali tizikopa tiwiri tovala ku chala kuti ulusi usacheke, tosokedwa mwaudongo, mbali yofewa ili m'kati. Kena kakakulu, kena kakang'ono.

Apa m'pamene anakumbukira. Mwezi watha bambo ake, akutsokomola, anamugwira chala n'kuchizunguliza ulusi, akuseka kuti akuyeza mphete ya ukwati. Iye anathawa akukuwa, "Aaa, Ababa inu!"

Anavala kakang'onoko. Kanamukwana ndendende.