Foloko Pamphumi

M'mawa wa Lachiwiri, pa 11 Juni 1996, a Eliya anadzuka n'kupeza kuti mtsinje wa Domasi wasamuka. Zaka zonse unkamveka kumanzere kwa bedi lawo, kumene kunali windo. Tsiku limenelo unkamveka kumanja, kumene kunali khoma ndi kabati. M'khutu lakumanzere munali modzaza ngati mwalowa madzi, ndipo mkatimo munkalira nyenje imodzi yosapuma.

Anali mlimi wa mpunga wa zaka 54, ndiponso mtsogoleri wa kwaya ya pampingo pawo. Kuyambira 1991 ankadwala shuga: piritsi limodzi m'mawa uliwonse, tiyi wosatsekemera, sikelo ndi kuyezetsa kamodzi pamwezi. Za khutu analibe nazo mbiri.

"Ndi phula limenelo, bambo a Happiness," anatero akazi awo, a Dina. "Kapena mwalowa kachilombo. Pendekerani kuno."

Anafunditsa mafuta ophikira pasupuni n'kudonthezamo. Sikunatuluke kachilombo, sikunatuluke phula.

Lachitatu masana kunali kuphunzira nyimbo. Pa Sabata la pa 23 makwaya asanu ndi limodzi ankayenera kukumana ku Songani, ndipo a Eliya anali atakonzekera tsikulo kuyambira Isitala. Kwaya inaima monga mwa masiku onse: asopulano kumanja kwawo, abesi kumanzere. Nyimbo yoyamba anaiyamba ndi pakamwa. Asanafike pakati anakweza dzanja.

"Abesi, mwabwera kudzatafuna chimanga? Milomo ikuyenda, mawu kulibe."

Mtsogoleri wa abesi anali a Lazaro, mchimwene wa a Dina. "Alamu, ife tikubangula mpaka malata akunjenjemera. Sabata yatha munati tikumveka ngati ngolo, lero mwati kulibe. Tigwire ziti?"

A Eliya anaganiza kuti abesiwo anyanyala chifukwa cha mawu a ngolo aja. Anatulutsa m'thumba kachitsulo ka mano awiri kopezera mawu oyambira nyimbo, kamene a kwaya amakatcha foloko. Anakamenya pabondo n'kukafikitsa kukhutu lakumanzere, monga ankachitira kwa zaka makumi awiri, poti dzanja lamanja ndi loimbitsira. Zii. Anamenyanso. Chitsulocho chinkanjenjemera m'zala, koma mawu panalibe.

"Foloko yafa," anatero.

A Lazaro anailanda, n'kuimenya pabondo pawo. "Ili moyo, alamu. Tayesani khutu linalo."

Kumanja do, liwu loyambira nyimbo lija, anali pomwepo, woyera ngati kale.

A Eliya anali asanayambe kuchita mantha. Chinawagwira n'chidwi. Ankafuna kudziwa pamene mawuwo akuthera. Pobwerera kunyumba, m'kanjira ka pakati pa minda ya mpunga wokololedwa, anayenda akumenya foloko n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono kuzungulira mutu. Kumanja ilipo. Pamphuno ilipo koma yafooka. Ikangodutsa diso lakumanzere, yazima. Kenaka analuma chogwirira chake ndi mano akutsogolo, pakatikati penipeni, ndipo mawu onse anathawira kukhutu lamanja. Anayesa katatu. Katatu konse anathawira komweko.

Lachinayi m'mawa anapalasa njinga kupita kuchipatala chaching'ono kumene ankalandirako mapiritsi a shuga. Amene ankaona odwala tsikulo anali a Bernadette, mayi wachikatolika amene ankawadziwa kale. Anaunika m'khutumo ndi kanyali.

"Muli mafuta okwanira kukazingira mazira awiri. Ndani ameneyu?"

"Mayi akunyumba, adokotala."

Anapukuta ndi thonje n'kuunikanso. Munalibe phula, munalibe mafinya, munalibe chotupa. A Eliya, pofuna kungocheza, anafotokoza za foloko yothawira kumanja. A Bernadette anasiya kulemba.

"Muli nayo pano? Yathu inasowa ine ndisanabwere."

Anaimenya pachigongono n'kuimika chogwirira chake pakati pa mphumi ya a Eliya.

"Ikulira kuti?"

"Kumanja."

"Tsopano taonani ichi, bambo." Anadzitseka khutu limodzi ndi chala n'kung'ung'udza. "Munthu wabwinobwino akatseka khutu chonchi, mawu ake amamveka kwambiri kukhutu lotsekalo. Phula limachitanso chimodzimodzi. Likanakhala phula, foloko ikanalira kumanzere. Yanuyi ikuthawako. Ndiye kuti khomo ndi lotsegula, koma mtsempha wa mkati wotengera mawu ndi umene wafooka. Zimachitika mwadzidzidzi, ndipo kwa odwala shuga zimachitika kawirikawiriko kuposa kwa ena."

"Nanga mawuwo akudutsa pati kuti afike kumanja?"

"M'fupa la mutu."

A Eliya anadzigogoda pamphumi ndi chala. Zaka zonsezi sankadziwa kuti fupa limamva.

"Lero ndi tsiku lachitatu," anapitiriza a Bernadette. "Pali mapiritsi otchedwa puredinisoloni. Akayambidwa msanga, kwa ena khutu limabwerera, kwa ena theka, kwa ena ayi. Pakadutsa masabata awiri chiyembekezo chimachepa kwambiri. Vuto lake n'lakuti amakweza shuga. Inu simungamwere kunyumba. Mukagone kuchipatala chachikulu ku Zomba, azikakuyezani magazi, ndipo mwina adzakubayani insulini."

Apa m'pamene mantha anafika. Mkulu wawo, a Daniel, anayamba jakisoni wa insulini mu 1989, chaka chisanathe anamwalira. Pamudzi onse ankati jakisoni ameneyo ukangomuyamba, wapita.

"Bwanji ndipite pa 24, makwaya atatha?"

A Bernadette anawerenga ndi zala pakalendala wa pakhoma. "Pa 24 ndi tsiku la khumi ndi chinayi. Mukufuna kutsogolera kwaya Sabata limodzi, kapena zaka khumi zikubwerazi? Za achimwene anu sindikuzidziwa bwino, koma ambiri amene ndawaona anafika pa insulini matenda atawadya kale. Kwa inu jakisoniyu ndi wongothandizira pamene mukumwa mapiritsiwa."

Masana omwewo a Dina anaperekeza a Eliya ku Zomba pa minibasi ya ku Songani, atanyamula bulangete, beseni ndi fulasiki ya tiyi wosatsekemera.

Ku Zomba dokotala anabwereza za foloko pamphumi, ndi foloko ya a Eliya yomweyo, n'kuvomereza. Mapiritsi anali ang'onoang'ono, khumi ndi awiri m'mawa uliwonse. Lachisanu masana ludzu linawagwira, anamwa madzi jagi yonse, ndipo nesi atawabaya chala anati shuga wakwera kuwirikiza. Anabwera ndi jakisoni. A Eliya anayang'ana kasinganoko nthawi yaitali. Kanali kakang'ono kuposa singano yosokera malaya. Anapinda okha mkono wa shati.

M'mawa uliwonse, asanamwe phala, ankamenya foloko pachitsulo cha bedi n'kulemba kumapeto kwa kope la nyimbo. Pa 15, palibe. Pa 16, palibe. Pa 17, palibe, nyenje yachepa. Odwala anzawo anayamba kudikira mwambowu, ndipo mkulu wina wa bedi loyandikana, a Idi, ankafunsa asanapereke n'komwe moni: "Yalankhula?"

Lachiwiri pa 18, foloko itatsala pang'ono kukhudza khutu, kunamveka kanthu ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Pa 20 inamveka pa mtunda wa zala ziwiri. Koma panali chodabwitsa. Anaiyika kumanja, anaiyika kumanzere, kumanja, kumanzere.

"Adokotala, foloko ndi imodzi, koma do ali awiri. Wakumanzereyu wakwera pang'ono."

Dokotala anati zimenezo zimachitika khutu likamachira, ndipo mwina zidzatha, mwina ayi. Anawonjezera kuti odwala ambiri sazindikira n'komwe.

A Eliya anatuluka m'chipatala Loweruka pa 22, ndi mapiritsi oti azichepetsa pang'onopang'ono ndiponso kalata yoti a Bernadette aziwayeza ndi kuwabaya mpaka mapiritsiwo atatha.

Pa Sabata ku Songani, kwaya yawo itaitanidwa, anthu anaima m'malo awo akale. A Eliya anawayang'ana, n'kukodola a Lazaro.

"Abesi, bwerani kumanja kuno. Asopulano, pitani uko."

"Zaka makumi awiri tili kumanzere, alamu. Talakwanji?"

"Asopulano ndingawamve ngakhale ndili ku Malosa. Inu ndikufuna ndikumveni ndekha ngati mukuimbadi."

"Ndiye za chimanga zija mwabweza?"

"Ndabweza. Za ngolo sindinabweze."

Anamenya foloko pabondo. Dzanja, mwachizolowezi, linapita kumanzere, ndipo do wokwera uja anamveka, wochepa koma alipo. Anamumvetsera kamphindi. Kenaka anadutsitsa foloko pansi pa chibwano kupita kukhutu lamanja, n'kupatsa abesi mawu awo.