Galimoto ya Anthu Awiri

"Mwabwera wapansi?" anafunsa a Abdala, maso ali pa nsapato za mlendo zomwe zinali matope okhaokha. "Lero si Lamulungu kodi, tsiku lanu? Nanga galimoto?"

"Ili kwathu ku Ndirande. Sindinaikhudze," anayankha a Stafford akuvula chipewa.

Anthu a sadaka anali atabalalika, ashehe atapita, pabwalo patangotsala mikeka ndi mbale zosatsuka. Mwini nyumba, a Sumaili, anali atagona kumanda kuyambira Lachisanu. Mwana wawo wamkazi, Aminatu, anaikira mlendoyo mpando osamuyang'ana kumaso, n'kumuponyera chiguduli kuti apukutire nsapato. Chinali chiguduli chakuda ndi oyilo chimene Aminatuyo anatenga m'galimoto masabata awiri apitawo ponyamula makala.

Galimotoyo inali ya anthu awiri, ndipo Limbe yense ankadziwa zimenezi. A Sumaili ndi a Stafford anabwerera limodzi kuchokera ku nkhondo ya ku Burma, wina atadziwa chiwongolero, mnzake cholembera. Anasonkherana n'kugula Fodi yakale kwa mzungu wina wa tiyi ku Thyolo, masiku amene munthu wakuda akadutsa pa galimoto yake anthu ankasiya makasu n'kumuonerera. Pangano lawo linali la pakamwa basi. M'kati mwa sabata a Sumaili ankanyamula amalonda ndi odwala pakati pa Limbe ndi Blantyre, phindu n'kugawana. Loweruka madzulo ankakaisiya ku Ndirande kuti Lamulungu a Stafford, kalaliki wa m'boma, atengere amayi awo okalamba ku tchalitchi. Anthu ankaseka kuti galimoto yoswali Lachisanu n'kupempheranso Lamulungu singachite ngozi.

Kuseka kunatha Loweruka lina la chimvula. A Sumaili anakasiya galimoto monga mwa masiku onse, n'kubwerera kwawo ku Kanjedza wapansi, mvula ikuwamenya njira yonse. Anafika atavala malaya okha, mano akugundana. Jasi lawo la ku nkhondo, limene sankasiyana nalo, analibe. Atafunsidwa anangoti aliiwala. Lolemba analephera kudzuka, ndipo chibayo sichinawapatse mpata.

Aminatu ankadana ndi a Stafford kuyambira pamenepo, ndipo sankabisa. Mumtima mwake bambo ake anafera Lamulungu la munthu wina.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero a Stafford, "komanso pali nkhani imene ndikanakonda ikanadikira, koma siidikira. Inshuwalansi ya galimoto ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Pali mayina awiri ololedwa kuyendetsa, langa ndi la malemu. Mmwenye wa ku ofesi kuja akuti tibweretse dzina lina, tinenenso mtundu umene tikufuna."

"Ilipo mitundu ingati?" anafunsa a Abdala. Iwo anali mng'ono wake wa malemu, wogulitsa nsalu mumsika wa Limbe, munthu wodziwa kuyendetsa koma wosakhalapo ndi choyendetsa.

"Iwiri. Yaing'ono imalipira munthu amene mwamugunda, kapena katundu wake, basi. Yaikulu imalipiranso galimoto yanu ndi anthu amene mwanyamula. Malemu ankafuna yaikulu chaka chilichonse."

"Ndalama zotaya. Zaka zonsezi anagundapo ndani?"

"Palibe. Inenso ndinkanena zomwezo, tinakangana nazo kangapo. Iwo ankati sanyamula matumba a chimanga, amanyamula amayi a anthu."

A Abdala anapukusa mutu. "Tamvani a Stafford, ine sindizungulira. Ndikubwezerani gawo lanu, galimoto ikhale ya pakhomo pano, igone pano, idzuke pano. Inshuwalansi ndilemba yaing'ono, yotsala idyetse alamu anga. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Achimwene anga avumbwa, ndipo taika."

A Stafford anangoyang'ana m'chipewa chawo ngati yankho lili m'menemo.

"Simukanawaperekeza?" Aminatu analephera kudzigwira. "Galimoto ili pakhomo panu, mvula ikugwa, munthu wamkulu n'kumusiya aziyenda wapansi?"

"Ndinali ku msonkhano wa akulu a mpingo, mwana wanga. Ndinapeza atasiya kiyi kwa mayi a kunyumba. Mayiwo anawauza kuti abwerere nayo, adzabweretse m'mawa. Iwo anati Lamulungu si lawo."

"Ndiye munapemphera bwino Lamulungu limenelo?"

"Sitinapite. Kamlatho ka kumunsi kwathu kanagumuka usiku womwewo."

Apa ndiye Aminatu analira, kulira kwa mkwiyo. Bambo ake anayenda mtunda wonsewo chifukwa cha ulendo umene sunachitike n'komwe.

Kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo kunamveka kutsokomola. Anali a Halimatu, mkazi wa malemu, amene mwa mwambo wa Chisilamu sankayenera kutuluka m'nyumba kwa miyezi ingapo. Mawu awo anali otopa.

"Alamu, gawo la galimotoyo lili m'manja mwanga, ndipo sindinanene kanthu. Ine kutuluka sindingathe. Aminatu apite nanu mawa akaione, akhale maso anga. Chimene akanene iyeyo, ndanena ndine."

M'mawa mwake Aminatu ndi a Abdala anakwera basi mpaka pamphambano, n'kukwera mtunda wa Ndirande wapansi. Kamlatho kaja anali atakakonza ndi mitengo. Aminatu anali atagamula kale mumtima: galimoto ibwere ku Kanjedza, a Stafford alandire zawo, dzina lawo lisamvekenso pakhomo.

Nyumba ya a Stafford inali ndi kashedi ka malata kumbali, koma munali nkhuku zokha. Galimoto inali kumtunda, patali ndithu ndi nyumba, pamsewu penipeni, itayang'ana kumunsi. Masamba a mango anali atamatirira pagalasi, mbalame zitachita zawo padenga.

"Taona, Aminatu," anatero a Abdala mokweza kuti mwini nyumba amve. "Shedi ilipo, koma chuma cha bambo ako chikugona panja ngati mbuzi yopanda mwini. Chinthu cha anthu awiri chimatero."

"Anaisiya pamenepo ndi iwowo," anatero a Stafford akutuluka. "Ankaisiya pamenepo Loweruka lililonse."

Anapinda mkono wa malaya. Dzanja lawo lamanja linali lopindika pamfundo, ngati nthambi imene inathyoka n'kumera mokhota.

"Chaka choyamba, handulo yolizira injini inandibwerera n'kundithyola. Kuyambira pamenepo sindingathe kupukusa. Ndinawauza kuti andibwezere gawo langa, galimoto ikhale yawo yokha, pakuti munthu wosatha kuiliza aisungiranji? Anaseka. Loweruka lotsatira ndinaipeza apa, mwala uli kutayala. Ndimangochotsa mwala, n'kukhala pachiwongolero, iyo n'kutsetsereka n'kulira yokha."

Mwalawo unalipo, wosalala, wooneka kuti wagwiridwa ndi manja kwa zaka. Aminatu anauyang'ana, koma mtima sunafewe. Mwala sunali kumubwezera bambo ake.

A Abdala anazungulira galimoto monga wogula amachitira, kumenya matayala ndi phazi, kusuzumira pansi. Kenako anamasula zokowera za boneti n'kuitukula. Anaima chilili, dzanja lili m'mwamba.

"Bambo aang'ono, n'chiyani?" anafunsa Aminatu.

Anayandikira kuti aone yekha. Pamwamba pa injini panali jasi la ku nkhondo lija, litayalidwa bwinobwino, mikono yake italowetsedwa m'mbali mozungulira mawaya, monga mmene mayi amafunditsira mwana. Pakolala panali popsa pang'ono, kusonyeza kuti mwini wake sanadikire kuti chitsulo chizizire.

A Stafford nawonso anayandikira n'kuona jasilo.

"Mvula ikalowa m'mawaya siilira, ngakhale pamtsetse," anatero. "Nthawi ya dzinja malemu ankafunditsapo chiguduli. Chinkakhala kumbuyo uku. Sindinadziwe, mwana wanga. Ndikanadziwa ndikanabwera nalo usiku womwewo."

Aminatu anakhala pansi, m'matope momwemo. Chiguduli ankachidziwa. Dzulo lomwelo anali atachiponyera munthu uyu kuti apukutire nsapato.

"Ndinachitenga ndine," anatero. "Ndinanyamulira makala. Sindinawauze."

"Iwe, mvula sunagwetse ndiwe," anatero a Abdala. Anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri kwa nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Munthu amene sanagwetse msozi kumanda analirira pa boneti ya Fodi.

A Stafford anagwada pafupi ndi Aminatu.

"Ukanawauza, akanakuuza kuti utenge. Chiguduli chikanakhalapo, akanapeza china chopereka. Ndakhala nawo kuyambira ku nkhondo, munthu uja sankamva."

Aminatu anaseka pang'ono m'kati mwa misozi, chifukwa zinali zoona. Chisoni chinali chikadalipo chonse, koma chinalibenso munthu woti chimugwere.

A Abdala anamina, n'kubwerera. "Ndiwe maso a amayi ako. Nena."

"Galimoto ili ndi makomo awiri," anatero Aminatu. "Ikhale choncho."

"Nanga inshuwalansi?" anafunsa a Stafford motsitsa mawu.

Aminatu anayang'ana bambo ake aang'ono. Iwo anakanda kumutu, wamalonda mwa iwo akulimbana nawo komaliza.

"Lembani yaikulu ija. Pamene panali dzina la achimwene muikepo langa. Loweruka ndizibwera nayo." A Abdala anatembenukira kwa a Stafford. "Koma mvula ikamagwa muzindiperekeza, ine si msilikali."

Aminatu anadzuka n'kuyamba kuchotsa jasi. Bambo ake anali atalimangirira molimba, moti anachita kumasula mkono umodzi, kenako wina. Kunja kwake linali lonyowa ndi lolemera, likununkha oyilo ndi nkhungu. Analifungatira pachifuwa, n'kupisa dzanja pamene jasilo linali. Mawaya onse anali ouma.

A Stafford anawerama, n'kuchotsa mwala ndi dzanja lawo lopindika lija, nakhala pachiwongolero. Galimoto inatsetsereka mwakachetechete, ndipo isanafike pa mtengo wa mango inalira.