Madontho Oyenda Pamadzi

Mu ofesi ankamutchula Kadontho. Ntchito yake inali madontho basi. Anthu mazana atatu, iyenso ali m'gulumo, analola kuti mafoni awo azionetsa njira zimene amadutsa popita kuntchito. Aliyense ankaoneka pakompyuta pake ngati kadontho kofiira pamapu a mzinda. Khonsolo inkafuna kumanga mlatho wa oyenda pansi. Umodzi wokha. Malo ake anayenera kusankhidwa Lachisanu.

Lachitatu m'mawa pulogalamu ya mapu inachenjeza. Madontho makumi asanu ankawoloka mtsinje pamalo opanda mlatho.

Abwana anawerama kumbuyo kwake, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Anthu akowa ndi abakha?"

"Kaya, bwana."

"Ndi netiweki imeneyo. Fufuta. Mlatho upita kumtunda, kumsika, monga tinapanganira."

Kadontho anaika chala pabatani. Sanadine. Netiweki ikasokonekera, madontho amabalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Awa ayi. Anali pamzere, m'modzim'modzi, ngati nyerere. Pakati pa mtsinje onse ankachepetsa liwiro.

Mayi osesa mu ofesi anafika ndi mopu.

"Kwezani mapazi, achemwali." Anasuzumira pakompyuta. "Iii, pa paipi apo!"

"Paipi yanji, mayi?"

"Ya madzi, yaikulu ija. Ine ndimawolokera pomwepo. Nsapato m'manja, pemphero pakamwa. Kadontho kotsalira m'mbuyoko ndine, musavutike n'kufunsa."

Kadontho anatsegula mapu a anthu a zamadzi, amene a zamisewu sankawayang'ana n'komwe. Anawasanjika pamwamba pa ake. Mzere wabuluu unadutsa pansi pa madontho onse, ndendende.

Abwana anaika kapu pansi.

"Zaka zonsezi mumayenda pa paipi?"

"Nanga mumati ndimachedwa ndi tulo, bwana? Mvula ikagwa paipi imaterera. Ndimazungulira kumsika, ola lathunthu."

"Akuluakulu a khonsolo sakhulupirira madontho," anatero abwana. "Afuna chithunzi."

Lachinayi Kadontho analawirira kumtsinje. Anapeza mzere. Anamwino, amakanika, bambo wina atasenza njinga paphewa. Anajambula, najambulanso. Kenako mayi aja anamukodola.

"Lawani nanunso, achemwali. Osayang'ana pansi. Yang'anani msana wangawu."

Mapazi asanu oyamba anayenda bwino. Pa phazi lachisanu ndi chimodzi anayang'ana pansi. Anaima pomwepo. Anakhala chokhanyula miyendo n'kuyamba kudzikhwekhwereza, thalauza lake la ku ofesi likupukuta dzimbiri.

"Asisi, tikuchedwa kuntchito!" anakuwa makanika wina kumbuyo. "Kapena mwabwera kudzachapa paipi?"

Tsidya lonse linafa nalo phwete. Naye anaseka, koma paipi sanaisiye.

Lachisanu akuluakulu anaona madontho, anaona mzere wabuluu, anaona bambo wa njinga uja. Sanatsutse. Mlatho unapita pa paipi.

Madzulo mayi aja anaimika mopu pafupi ndi desiki la Kadontho.

"Tandionetseni za dzulo."

Kadontho anatsegula. Madontho onse anawoloka, natha. Kamodzi kanatsala pakati pa mtsinje, kakukwawa.

"Aka si ine," anatero mayiwo mokondwa. "Kwezani mapazi."