Magalasi a M'thumba la a Wendell

Mu situdiyo yanga yophunzitsira kupanga zinthu za galasi kuno ku Tacoma muli malamulo awiri okha, ndipo ndimawanena mpaka anthu kutopa nane. Loyamba, ng'anjo isatsekulidwe isanazizire, ngakhale mtima uyabwe chotani, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachiwiri, galasi lochokera kunja lisalowe m'ng'anjo yanga. Kaya ndi botolo la vinyo wa paukwati wanu, kaya windo la nyumba imene munabadwiramo, kaliikeni pashelefu kwanu muziliyang'ana.

A Wendell Sorensen lamulo loyambalo ankalisunga kuposa ine mwiniwake. Anali mdala wa imvi mbuu, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito pa sitima zoolotsa anthu ndi magalimoto kupita kuzilumba, choncho kudikira sikunali kwachilendo kwa iwo. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo kwa ine anabwera chifukwa mwana wawo anatopa kuwapeza ali phee pawindo akuonerera mvula. Manja awo anali ngati mafosholo, koma akagwira kachitsulo kodulira, galasi linkagawikana bwinobwino pamzere pomwe alembapo.

Tsiku lina ophunzira ena atapita, iwo anatsalira, akupukuta tebulo limene anali atalipukuta kale.

“Bernice, ndili ndi nkhani,” anatero.

“Ngati mwaswanso chikombole changa, chitseko ndi icho.”

Sanaseke. Anatulutsa chitini chakale cha khofi n'kukhuthulira patebulo timagalasi tam'mbali mwa nyanja, tija mafunde amatikhula mpaka kuchita mbuu ngati tathiridwa shuga. Panali tobiriwira, tofiirira ta mabotolo a mowa, toyera, ndi kamodzi kabuluu.

Nkhani yake tonse tinkaidziwa. Lamlungu lililonse m'mawa a Wendell ankakayenda kugombe ndi a Darlene Pacheco, mayi amene kale ankayendetsa basi ya ana asukulu, ndipo mawu awo anali adakali okweza ngati a m'basi momwemo. Mayiwa akaona kagalasi mumchenga ankatola, kukapukuta pa buluku, n'kukaponya m'thumba la jekete la a Wendell osanena kanthu. Mdalayo sanatayepo ngakhale kamodzi.

“Ndikufuna ndisungunulire tonseti pa mbale imodzi,” anatero. “Ndikawapatsa, ndiwafunse.”

“Muwafunse za ukwati?”

“Nanga ndiwafunse njira ya kumsika?”

Mtima wanga unakondwa, ndisaname, chifukwa mdalayu ndinkamukonda ngati mchimwene wanga. Koma kukondwa sikusintha khalidwe la galasi. Ndinawakhazika pansi n'kuwabwerezera zomwe ndinawauza tsiku lawo loyamba. Galasi lililonse likatentha limafufuma, likamazizira limabwerera, koma lililonse ndi muyezo wake. La m'situdiyo muno linapangidwa kuti lizifufuma ndi kubwerera mofanana. Timagalasi ta kugombe tinachokera m'mabotolo osiyanasiyana, tina takale kuposa tonsefe. M'moto timagwirana bwinobwino ngati abale, koma tikazizira kalikonse kamakokera kwake, ndipo tsiku lina mbale imang'aluka yokha ili pashelefu, popanda woikhudza.

“Ndikupatsani magalasi anga amitundu yomweyi,” ndinatero. “Tiwadule timizidutswa, palibe angasiyanitse.”

“Amenewo sanawagwire iwowo.”

“Ndiye tibowole timabowo, titimangirire pa ulusi wa mbedza, azikoloweka pawindo.”

“Ine ndikufuna mbale, Bernice. Pakamwa panga m'polemera, mukudziwa. Mbaleyo ndiyo indilankhulire. Popanda iyo ndingokhala chete monga mwa masiku onse.”

Ndinawauza kuti ayi, ndipo ayi wanga amamveka mpaka kumsewu. Anatolera timagalasi tawo n'kupita.

Sabata yotsatira ndinapita ku Spokane kukaona mng'ono wanga, ndipo makiyi ndinasiyira a Wendell kuti azidyetsa mphaka wa m'situdiyo. Nditabwera ndinapeza mphaka wanenepa, pansi posesa, shelefu ya m'ng'anjo yopakidwa bwino mankhwala oyera aja oletsa galasi kumatirira. Patebulo langa panali mbale, ndipo pambali pake panaima mdala chipewa chili m'manja.

Mbaleyo inali yokongola, ndipo zimenezi n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Anaika galasi langa loyera pansi, timagalasi ta a Darlene pamwamba, n'kutentha pang'onopang'ono monga ndinawaphunzitsira. Kenaka anaibwezeramo pa chikombole mpaka inawerama n'kukhala mbale yeniyeni. Munalibe thovu ngakhale limodzi, m'mphepete munali mosalala, kabuluu kaja kali pakati.

“Mwaona?” anatero, akumwetulira mpaka m'makutu. “Sinasweke. Ndinadikira mpaka ng'anjo inazizira ngati mphuno ya galu.”

“Ng'anjo yanga! Mwaphikira zinyalala za m'nyanja m'ng'anjo yanga, inu a Wendell inu, munthu wamkulu ndi ndevu zomwe!”

“Koma taonani mmene yakongolera.”

“Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bweretsani magalasi anu a dzuwa aja mumavala pokawedza.”

Ndinayatsa foni yanga, n'kuiika pansi pa mbaleyo ikuwala mbee, ndipo ndinawauza kuti avale magalasiwo n'kupendeketsa mutu pang'onopang'ono mpaka kuwalako kude. Umu ndi mmene timaonera ngati galasi likukokana m'kati. Pamene pali mtendere pamada bii. Pamene pali nkhondo pamawala. Kagalasi kalikonse m'mbale ya a Wendell kanali katazunguliridwa ndi kuwala, ndipo kabuluu kaja ndiye kankachita kunyezimira.

Anavula magalasiwo. “Isweka liti?”

“Mwina mawa, mwina chaka chamawa. Ikangomva kutentha kapena kuzizira kwadzidzidzi, yapita.”

Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaikulunga ndi thaulo. “Ikafika tsiku la phwando lathu la pachaka ili yamoyo, ndiwafunsa. Ikasweka, ndiye kuti Mulungu wandiuza kuti ndakula, ndisiye zachibwana.”

Ndinawakalipira kuti asamalowetse Mulungu pa nkhani ya mabotolo a mowa, koma anali atatuluka kale. Apa mkwiyo unatha, m'malo mwake munalowa mantha. Ndinkawadziwa a Wendell. Akanena kuti akhala chete, akhaladi chete mpaka kumanda.

Phwando lathu timachita Loweruka lotsogolera chikondwerero cha Kuthokoza chimene anthu kuno amachita chaka ndi chaka. Mwambo wake ngwakuti chakudya chilichonse chiikidwe m'mbale yopangidwa m'situdiyo momwemo, kaya yopotoka kaya yodzaza thovu, ndipo timasekana mpaka nthiti kuwawa. Chaka chimenecho kunja kunkagwa kamvula kathu kosatha kaja. Patebulo panali nkhukundembo, nsomba ya salimoni yowamba, mbatata zoponda, ndipo a Wendell anakhala pakona atavala tayi, thaulo lawo lili pamiyendo, osadya kanthu.

A Darlene analowa mochedwa, mawu ali patsogolo. “Patukani, patukani, yatentha iyi!” Ananyamula payi wa dzungu, wonga keke, m'chitini chake, wongotuluka kumene mu uvuni, pakuti kwawo n'kuseri kwa msewu womwewo.

A Wendell anaimirira, kuvundukula thaulo, n'kuika mbale ija patsogolo pawo. “Darlene, iyi ndi yanu.”

“Ee, koma ndiye mwaganiza bwino, manja anga apsa!” anatero mayiwo, ndipo asanaiyang'ane n'komwe anatula payi wamotoyo pambalepo.

Ndinatsekula pakamwa kuti ndikuwe, koma mdala anali atayamba kale ulendo wotsikira pansi kuti agwade ndi bondo lawo lovuta, dzanja limodzi litagwira tebulo, lina likufufuza kabokosi ka mphete m'thumba. Ungamukuwire bwanji munthu ali pakati pa ulendo wotero? Bondo litangokhudza pansi, tinamva kaphokoso kakang'ono.

Ting'!

Munthu wamba sakanakamva n'komwe. Koma m'chipindamo munadzaza anthu a magalasi okhaokha, ndipo kaphokoso kameneko timakadziwa ngati kulira kwa mwana wathu. Mafoloko anaima m'malere. Kenaka mbale inangoti phwa, kugawikana zidutswazidutswa pansi pa chitini.

A Wendell anayang'ana zidutswazo. Anadzuka movutikira, kubweza kabokosi m'thumba, n'kuyamba kufunafuna chipewa. Ine misozi inalengeza, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala wabodza tsiku lija ndinawaonetsa nyerere za mumkuyu.

“Abambo inu, mukupita kuti?” anafunsa a Darlene. “Pansi paja mumatani, mumamanga nsapato?”

“Palibe kanthu, Darlene. Yasweka.”

“Ndaona kuti yasweka, maso ndili nawo.” Anachotsa payi, n'kuwerama kuyang'anitsitsa zidutswazo. Kenaka anatola chimodzi n'kuchikweza kuwala. “Dikirani kaye. Kabuluu aka si kaja ndinatola tsiku lija munaterereka n'kukhala pansi m'madzi? Ndi aka kofiirira, ka tsiku la agalu aja? Wendell, munasunga tonse?”

“Tonse.”

“Kusunga kokha munachita bwino. Nanga kuphikaku anakutumani ndani? Taonani, mwatisalalitsa! Nyanja inavutika zaka ndi zaka kutikhula, inu tsiku limodzi mwatibweza kukhala ngati botolo la dzulo.”

“Ndimafuna tikhale pamodzi,” anatero mdalayo, maso ali pansi. “Bernice anandiletsa. Akuti kalikonse kamakokera kwake.”

A Darlene anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu kuvomera. Apo mayiwo anaphulika chiphwete. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mpaka kupukuta misozi ndi thaulo la a Wendell lomwe lija, ndipo ife tonse, amene mpweya tinali titaugwira, tinayamba kuseka nawo osadziwa n'komwe choseketsa.

“Ambuye anga,” anatero atapeza mpweya. “Ine ndakwatiwapo kawiri. Woyamba anandithawa, wachiwiri ndinamuthawa ndine, ndipo onsewo ankafuna kundisungunula ndikhale mbale yawo. Onse anamva ting'. Inu ndiye ndimati mwasiyana nawo, chifukwa ndikakuponyerani kanthu m'thumba mumangoyenda nako, osafunsa, osakakonza. Tsono funsani zomwe mumafuna kufunsazo, payi akuzizira.”

“Koma ndinalonjeza kuti ikasweka...”

“Munalonjeza ndani, mbale? Funsani ine. Musagwadenso, tilibe anyamata okudzutsani.”

A Wendell anatulutsa kabokosi kaja, ndipo mdala wa pakamwa polemera uja analankhula yekha popanda mbale yomuthandiza. “Darlene, mungandilole ndikhale mwamuna wanu?”

“Ndalola. Koma galu wanga amagona pabedi, ndipo Lachitatu ndimasewera makadi ndi anzanga, musamandifunefune.”

Kukuwa kumene kunabuka, mphaka anathawira pansi pa ng'anjo. Anthu ankamenya masipuni pa mbale zawo, ine n'kumakalipa kuti mundiswera zinanso, uku ndikulira ngati mwana. Tinasesa zidutswa mosamala, payi tinamuyang'ana bwinobwino n'kupeza kuti chitini chinamuteteza, ndipo tinamudya yense.

Tili m'kati modya, a Darlene anandikodola n'kundipatsa chidutswa chija chokhala ndi kabuluu. “Bernice, tandikhulirani m'mbalimu, mdalayu angadzicheke.”

Ndinapita nacho pamakina, kukhula nsonga zonse ndi madzi mpaka chala changa chinayenda mozungulira osamva kuthwa. Nditabweza, mayiwo anachipukuta pa buluku monga amachitira kugombe, anachiponya m'thumba la jekete la a Wendell, n'kusisita thumbalo.

“Sungani,” anatero. “Musaphike.”

A Wendell anamaliza chakudya chonse ndi dzanja limodzi. Linalo linali litagwira pathumba.