Mchombo wa Batani

Chaka chimene kampani ya boma yoluka mabulangete inagulitsidwa, Ba Dyton anabwerera kwawo ku Mtendere, mu Lusaka, ndi bulangete limodzi m'khwapa komanso mawu a bwana watsopano akuti akapume. Anapumadi. M'mawa ankatulutsa mpando pakhonde n'kumausuntha motsata mthunzi mpaka madzulo. Lamlungu lokha ndi pamene ankaoneka ngati munthu wokhala ndi kopita, poti anali mkulu wa mpingo, ndipo jekete lawo linali lisanamve kuti mwini wake ntchito inatha.

Nyumba inkayenda ndi akazi awo, Ba Salome, amene ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika, ndi mwana wawo Taonga, mtsikana wamkulu ndithu, yemwe ankavina m'maukwati ndi gulu lina la magule.

Tsiku lina Taonga anafika masana atanyamula tepi ya vidiyo, nagwada pafupi ndi mpando uja.

"Atate, napeza nchito. Ku tauni bamayi bena ba ku Iguputo batsegula lesitilanti, bafuna munthu wovina gule wa kwao. Bananiona pa ukwati, bakuti chiuno changa chili bwino."

Ba Dyton anatsokomola. Mawu akuti chiuno anali asanatulukepo m'kamwa mwa mwana wawo iwo alipo.

"Nanga chimenecho n'chiyani?"

"Ni gule wamene uyo. Ba Madamu bakuti tione, tisoke tekha vovala."

Pakhomo panalibe choonetsera, ndiye banja lonse linawoloka ngalande kupita kwa Ba Katongo, telala wa ku Kasama, mayi wa mawu akuluakulu amene ankalangizanso akwati. Atayatsa, pa galasi panaoneka mayi wa tsitsi lofika m'chiuno. Kumtunda anavala kanthu ka mikanda kosakwana ngakhale kupukutira mbale, m'chiuno lamba wa tindalama tolira, pansi siketi yopyapyala ngati neti ya udzudzu. Pakati pa ziwirizo panalibe kanthu. Mimba inali pamtunda, ikuyenda yokha ngati muli mphaka.

Ba Dyton anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuwerenga kalendala ya chaka chatha.

"Awe, uyu mukazi aziba nchito," anatero Ba Katongo akuwomba m'manja. "Ise vamene ivi tiphunzitsa mu nyumba, chitseko chotseka. Aba bachita pa bantu bakudya!"

Vidiyo itatha, Ba Dyton analankhula akuyang'anabe kalendala.

"Gule sindikana. Atate anga anachoka ku Dedza wapansi, ndipo ankavina mpaka ukalamba. Ntchitonso masiku ano siyokana. Koma mchombo wa mwana wanga, Lusaka sauona."

Mawa lake Taonga anakafotokoza ku tauni, n'kubwera ndi yankho. Ba Madamu anati guleyo ndi wa mimba, ukabisa mimba ndiye kuti mtsikana wangoima pamaso pa anthu akumvera nyimbo.

Nkhani inakhala pamenepo, mimba ioneke koma isaoneke. Ba Salome ankabwera kumsika ndi chilichonse chimene belo lawapatsa: makatani, diresi la ukwati lothimbirira, ngakhale chovala chosambirira cha mzungu wina wonenepa. Zonse Ba Dyton ankazikweza padzuwa n'kusuzumira. Akaona mtengo wa mango kuseri kwa nsalu, ankati iyayi. Akapanda kuuona, Taonga ndiye ankati iyayi.

Nzeru inachokera kwa Ba Katongo, amene anatembenukira kwa bambo a Taonga.

"Bashi Taonga, mverani. Tizasoka mimba ina. Nsalu yogwira thupi, ya mtundu wa khungu. Bantu bazaona mimba, imwe muziba kuti ni nsalu. Aliyense azagona bwino."

Ba Salome anafukula m'belo n'kupeza masokosi aatali a azimayi olembedwa kuti ndi a mtundu wa khungu. Khungu lake linali la eni ake amene anataya masokosiwo, lotuwa ngati nkhuku yososola. Anawaviika m'masamba a tiyi. Atauma anaoneka ngati munthu wodwala chikasu. Anawaviikanso, ndi kuwaviikanso, akuyerekeza ndi mkono wa Taonga, mpaka pakhomo panatha sabata anthu akumwa madzi otentha a shuga okhaokha. Pomaliza mtundu unagwira. Ba Katongo anang'amba, analumikiza, anasoka, ndipo Taonga anatuluka kuchipinda atavala.

Onse anamuyang'ana. Mimba inalipo, yosalala kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Ayi, izi zikuopsa," anatero Ba Salome. "Atate a Taonga, taonani. Munthu wopanda mchombo ndiye kuti sanabadwe. Ine ndinamubala uyu, ndinavutika naye. Anthu adzati ndi mzukwa, adzasiya chakudya n'kuthawa."

"Tiikepo batani," anatero Ba Katongo.

Apa Ba Dyton mutu unaima. Ngati anthu ayang'ana batani akuganiza kuti ndi mchombo, kodi mumtima mwawo sanaone mchombo? Nkhani yotere sanafune kuigamula okha. Anavala jekete pakati pa sabata n'kupita kwa mkulu wa mpingo mnzawo, Ba Lemmy, amene kale anali kalaliki wa njanji ndipo Baibulo ankaliwerenga ndi rula.

Ba Lemmy anamvetsera atatsinzina.

"Adamu ndi Hava analibe michombo," anatero, "poti sanabadwe. Ndiye mwana wanu akapita wosalala, afanana ndi Hava asanachimwe."

"Si zabwino zimenezo?"

"Hava asanachimwe anali maliseche, Ba Dyton."

Anaganizanso mpaka nkhuku zinayamba kukwera mumtengo. Kenaka Ba Lemmy anatsegula maso. Mchombo wa munthu uli ndi dzenje limodzi. Batani la mabowo anayi silingakhale mchombo, ndipo wolitenga ngati mchombo, tchimo ndi lake, osati la banja. La mabowo awiri anati likuyandikira kwambiri, alipewe.

Batanilo analidula pa chikhoti chachikulu cha salaula, lakuda bii, lonyezimira. Chinatsala ndi lamba. Tindalama ta Aluya ku Mtendere kunalibe, koma Ba Dyton anali ndi chitini cha mangwee, tindalama tachitsulo, amene anasiya kugula kanthu kalekale, oti ngakhale wopemphetsa ankakubwezera. Anakhala pakhonde ndi msomali ndi nyundo n'kumaboola. Aka kanali koyamba chichokereni ku kampani kuti tsiku liwathere osalizindikira.

Vuto linali loyesa. Taonga ankachoka m'mawa kukaphunzira gule, Ba Salome ku msika. Pakhomo panali chiuno chimodzi chokha.

"Imani, Bashi Taonga," anatero Ba Katongo, singano zili pakamwa. Anawamanga lamba pamwamba pa thalauza. "Manje gwedezani."

"Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo."

"Ni chifukwa chake muzagwedeza na ulemu. Mufuna lamba ikagwe pa bantu?"

Ba Dyton anatseka chitseko, anatsekanso zenera, n'kugwedeza pang'ono. Lamba anati khwechere. Anagwedezanso.

"Ayi," anatero, nkhope ili gwa. "Akuluakuluwa akulira ngati makiyi a ndende. Tichotse, tiike ang'onoang'ono kutsogolo. Ndipo mbali ino yalemera."

Kuyambira tsiku limenelo panalibenso wowakakamiza. Ankamasula, kusintha, kumanga, kugwedeza, kumvetsera. Anapeza kuti mangwee awiri pa ulusi umodzi amalira bwino kuposa atatu. Amayi ogulitsa tomato patsidya la msewu anayamba kuuza anthu kuti Ba Dyton alowa zamizimu, chifukwa masana alionse m'nyumba yotseka mumamveka maseche.

Loweruka lotsegulira lesitilanti, Ba Dyton anati akupita nawo. Anavala jekete, nanyamula bulangete lija kuti chikangong'ambika china amufunditse mwanayo pomwepo. Ba Madamu, mayi wamfupi wa zibangili zambiri, anayang'ana mimba ya nsalu, anagogoda batani ndi chikhadabo, n'kunena kuti nthawi yatha kale, avine momwemo. Ba Dyton anawapatsa tebulo la pakona ndi botolo la chakumwa.

Iwo anatembenuza mpando. Kuyang'ana mwana wawo akuvina gule wotero kunali kosayenera, ndiye anafulatira bwalo n'kupenyetsetsa anthu akudya. Cholinga chinali choti aliyense woyang'ana batani mopitirira, amudziwe nkhope.

Ng'oma ya pa tepi inayamba. Kumbuyo kwawo mangwee anayankha, poyamba monong'ona, kenaka ngati mvula pa malata. Ba Dyton anatchera khutu. Ang'onoang'ono aja anali kutsogolo monga anakonzera, ndipo palibe limodzi limene linkalira mwa lokha.

Anayang'ana tebulo loyamba. Amuna a masuti ankakangana za kampani imene igulitsidwe mwezi wamawa. Tebulo lachiwiri, bambo wina ankafuula m'foni yaikulu ngati njerwa, akufunsa ngati malole awoloka malire. Lachitatu, mzungu ndi mnzake ankajambula manambala pa kapepala kopukutira pakamwa. Mayi wina ankachotsa minga ya nsomba. Ba Dyton anadikira. Mangwee anathamanga, anaima mwadzidzidzi, anayambanso pang'onopang'ono, malo oti ngakhale wakufa akanadzutsa mutu. Palibe anadzutsa mutu.

Anakumbukira tiyi wa sabata yonse, chala chimene anachimenya ndi nyundo, ndi mwana amene ankadzuka kusanache kukaphunzira kuyendetsa mimba. Anaimirira, anatenga supuni, n'kumenya botolo.

"Abale! Pepani! Inu a foni, tsitsani chimenecho!"

M'lesitilanti monse munati zii, kupatula ng'oma.

"Mwana uyu wachoka ku Mtendere kudzakuvinirani. Kodi kwanu munthu akamavina mumadya nsomba? Makampani mwagula kale onse, atsala ndi ati? Tayang'anani uko!"

Analoza ndi supuni, ndipo poloza anatembenuka. Umu ndi mmene Ba Dyton anaonera mwana wawo akuvina.

Taonga sanaime. Kaya ndi manyazi kaya ndi mkwiyo, anakweza manja, anapinda msana, n'kuyamba kunjenjemeretsa thupi lonse kuyambira m'mawondo. Anthu onse tsopano ankayang'ana, mafoloko ali m'mwamba. Mimba inakwera, inatsika, inakankha kutsogolo kamodzi mwamphamvu. Ulusi wa Ba Katongo unapirira mpaka pamenepo. Batani linathothoka, linadutsa pamwamba pa tebulo loyamba, n'kugwera mu msuzi wa bambo wa foni uja.

Bamboyo analivuula ndi supuni, akuliyang'ana.

"Ichi ni chani?"

Ba Dyton anayenda pakati pa matebulo, bulangete lili paphewa, n'kutambasula dzanja.

"Bwezani mchombo wa mwana wanga."

Woyamba kuseka anali Ba Madamu, mpaka anakhala pansi pafupi ndi khomo la kukhitchini, zibangili zikulira. Kenaka nyumba yonse. Ena anaimirira akuwomba m'manja, mzungu uja akufunsa woperekera zakudya ngati madala awa amabwera Loweruka lililonse. Taonga anamaliza gule wake wosalala, palibe anathawa, ndipo bambo wa foni anapukuta batani ndi mpango wake n'kulipereka ndi manja awiri.

Potuluka Ba Madamu anati Taonga ntchito wayamba. Za bambo ake anati ndi munthu wabwino kwambiri, koma azidikira kunja kwa geti.

Mu minibasi Taonga anakhala pazenera, atavala chitenje ndi juzi, akuyang'ana panja. Ba Dyton anafungata thumba la zovala pamiyendo, akulipanikiza kuti lisalire pa mabampu. Anadutsa tauni, anadutsa masitolo atsopano a zikwangwani zowala. Atafika ku Kalingalinga, mtsikanayo analankhula akuyang'anabe panja.

"Atate, mwanichititsa manyazi."

"Ndamva."

Kondakitala anamenya denga, anthu anatsika, ena anakwera ndi thumba la makala.

"Koma munaona?"

"Ndinaona."

"Nanga?"

Ba Dyton anakonza kaye jekete ngati mmene amachitira pa bwalo la akulu a mpingo asanagamule mlandu.

"Phewa lamanzere umalichedwetsa," anatero. "Zina zonse zili bwino."